Ndani Amalipira Mawu Otsatsa Mankhwala?

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

  Inu a kwa Nthache m'boma la Mwanza, nkhani ya leroyi ndaikonza ndili ndi inu m'maganizo. Amene mwangoweruka kudimba, amene muli pamoto mukuvundula nsima, amene mwakhala pakhonde wailesi ili pambali, senderani pafupi tikambirane.

Lero tikamba za zinthu ziwiri zimene kawirikawiri sitizitchula pamodzi: mankhwala ndi msonkho. Funso lathu ndi ili. Mawu aja otsatsa mankhwala amene timamva pawailesi, amene timaona pa kanema ndi pafoni, amalipira ndani? Mwina mwayankha kale kuti, "Aaa, amalipira mwini malonda." N'zoona. Koma lilipo gawo lina la ndalamazo limene limachoka mwakachetechete m'thumba la anthu onse. Tiyamba taona m'mene kampani imakhomera msonkho. Kenako tipita ku America, kumene nkhaniyi yabutsa mkangano waukulu. Tikachoka kumeneko tibwerera kwathu kuno, kumisika yathu ndi kuzipatala zathu.

Tisanapite patali, tisiyanitse kaye mankhwala. Alipo amene munthu amatha kugula yekha m'golosale, monga Panado wa mutu kapena Thanzi mwana akatsegula m'mimba. Alipo ena amene sayenera kutuluka m'famase pokhapokha adokotala atakuyezani ndi kukulemberani. Amenewa ndi monga makapisozi a amoxicillin, Bactrim, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu, a matenda a maganizo. Sikuti boma likufuna kutizunza ayi. Mankhwala amenewa ndi amphamvu. Mlingo ukalakwika, akaphatikizidwa ndi ena osagwirizana nawo, kapena akamwedwa pa nthenda imene si yawo, amavulaza munthu. Nkhani yathu lero yagona pa gulu lachiwirili, mankhwala olembedwa ndi adokotala.

Tsopano za msonkho. Ife a ku Mwanza msonkho timauona ndi maso. Tikafika kuchipata cha malire, panjira yopita ku Zobue, timapeza malole atandandana, akudikira kuti a bungwe lotolera msonkho la MRA aone mapepala. Kumsika nako timadula tikiti ya khonsolo. Koma ulipo msonkho wina umene ambiri a ife sitiuona, umene makampani amakhoma pa phindu lawo. Gwirani mawu amenewo: pa phindu.

Tiyerekeze ndi manachesi athu. Mayi wina wapikula manachesi kuno kwathu, wakagulitsa ku Limbe, wabwerako ndalama zili pansonga ya chitenje. Kodi zonsezo ndi phindu? Iyayi. Ayambe wachotsa zimene anapikulira, achotse ya galimoto, ya onyamula, ya tikiti, ya matumba. Zotsalazo ndiye phindu lake. Kampani nayo ikamawerengera msonkho imatero. Imalemba zonse zimene yapeza, n'kuchotsapo zimene yawononga poyendetsa bizinesi: malipiro a antchito, lendi, magetsi, mafuta a galimoto. Boma limatenga gawo lake pa zotsalazo. Kuno kwathu, pa K100 iliyonse ya phindu la kampani ya m'dziko muno, boma kawirikawiri limatenga K30.

Ndiye nayi mfundo imene ndikufuna muimve bwino. Ndalama zotsatsira malonda nazonso zimalowa m'gulu la zowonongedwa poyendetsa bizinesi. Kampani ikalipira K100 kuti malonda ake amveke pawailesi, phindu lake lolembedwa limatsika ndi K100, ndipo msonkho wake umatsika ndi K30. Ndiye kuti pa K100 ija, imene yachokadi m'thumba la kampani ndi K70 yokha. K30 inayo ndi ndalama imene ikadalowa m'thumba la boma, thumba lomwe lija limagula mankhwala a m'zipatala zathu ndi kulipira anamwino. Ndibwereze. Kampani ikatsatsa malonda, msonkho wake umachepa. Msonkho ukachepa, ndi tonsefe tathandiza kulipira malondawo, ngakhale sanatifunse.

Musandimve molakwa. Uku si kuba, si katangale. Ndi lamulo, ndipo maiko ambiri amachita chimodzimodzi. Limapindulira wotsatsa sopo, wotsatsa feteleza, wotsatsa mbewu ya chimanga. Funso limene anthu ena akufunsa ndi lakuti: kodi mankhwala amphamvu, amene munthu sangathe kudzisankhira yekha, tiwaike pamzere umodzi ndi sopo?

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotipeza kumene, tikukamba za malonda a mankhwala ndi msonkho. Tsopano tiwoloke nyanja.

Pa dziko lonse lapansi, maiko odziwika kuti amalola makampani kutsatsa momasuka mankhwala olembedwa ndi adokotala kwa anthu wamba ndi awiri: United States of America ndi New Zealand. Maiko a mu European Union amaletsa. South Africa, kumene kuli abale athu ambiri, nayo siilola kuti mankhwala oterewa atsatsidwe kwa anthu wamba. Bungwe la zaumoyo la WHO linanena kale mu 1988 kuti mankhwala olembedwa ndi adokotala asamatsatsidwe kwa anthu wamba.

Ku America zinthu zinasintha kwambiri mu 1997. Chaka chimenecho bungwe loyang'anira mankhwala kumeneko, la FDA, linafewetsa malamulo a malonda a pa kanema ndi pawailesi. Kale kampani inkayenera kufotokoza mwatsatanetsatane kuopsa kwa mankhwala ake, ndipo zimenezo sizikanakwana m'kamphindi ka malonda. Malamulo atafewa, zinakhala zokwanira kutchula zoopsa zikuluzikulu n'kuuza anthu kumene angakawerenge zotsalazo. Khomo linatseguka. Mu 1997 makampani ankawononga ndalama zopitirira pang'ono madola 1 biliyoni pachaka pa malonda amenewa. Pofika mu 2016 zinali zitafika madola 6 biliyoni. Munthu wa ku America akakhala pansi madzulo kuonera nkhani, amaona agogo akusewera ndi adzukulu pa kapinga wobiriwira, nyimbo yokoma ikulira, kenako mawu akuti akafunse adokotala ake za mankhwala akutiakuti. Zoopsa za mankhwalawo zimatchulidwa, inde, koma zimatchulidwa agogo aja akadamwetulira.

Mwina mukuti, "Nanga vuto lili pati? Mwini kulemba ndi dokotala ndithu." Anthu ofufuza anayesa zimenezo. Mu 2005 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wina wochenjera. Anaphunzitsa anthu ochita zisudzo kuti azinamizira kudwala, n'kuwatumiza kwa madokotala enieni. Ena ankafotokoza vuto lawo n'kukhala chete. Ena ankawonjezera kuti anaona pa kanema mankhwala a matenda okhumudwa otchedwa Paxil, ndipo akuwafuna. Pakati pa amene ankasonyeza kukhumudwa kwa kanthawi, kumene kawirikawiri sikufuna mapiritsi, amene sanapemphe kanthu analemberedwa mankhwala mmodzi yekha mwa anthu 10 alionse. Amene anatchula dzina la mankhwala, oposa theka anatuluka ndi chikalata cha mankhwala. Dokotala naye ndi munthu. Wodwala akabwera ndi dzina pakamwa, kukana kumavuta.

Chilungamo chake, kafukufuku yemweyo anaonetsanso mbali ina. Amene ankasonyeza nthenda yeniyeni yokhumudwa kwambiri ankathandizidwa bwino akayambitsa okha nkhani ya mankhwala. Ndiye kuti malonda amathanso kudzutsa munthu amene akanangokhala kunyumba ndi nthenda yake. Zimenezi sitingazibise.

Koma mvetserani nkhani ya Vioxx. Awa anali mankhwala a nyamakazi ndi ululu, opangidwa ndi kampani ya Merck. Anavomerezedwa mu 1999 ndipo anatsatsidwa mwamphamvu pa kanema. Anthu mamiliyoni ambiri anawamwa. Mu September 2004 kampaniyo inawachotsa pamsika, zitadziwika kuti owamwa nthawi yaitali anali pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima ndi sitiroko. Mu 2007 inavomera kulipira madola pafupifupi 5 biliyoni kuti ithetse milandu ya anthu zikwizikwi. Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Kuipa kwa mankhwala atsopano nthawi zina kumaonekera patapita zaka, anthu ambiri atawamwa. Malonda amachititsa kuti anthu ochuluka athamangire mankhwala atsopano, odula, nthawi yowadziwa bwino isanakwane. Ndipo ndalama zonse zotsatsira zimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe. Ku America msonkho wa boma lalikulu pa phindu la kampani ndi madola 21 pa 100 alionse. Mukawerengera pa mabiliyoni aja, muona kuti boma limasiya ndalama zoposa biliyoni chaka ndi chaka.

N'chifukwa chake aphungu ena kumeneko akhala akulimbana ndi nkhaniyi. Mu 2015 bungwe lalikulu la madokotala, American Medical Association, linapempha kuti malondawa aletsedwe kotheratu. Koma kuletsa n'kovuta, chifukwa makhoti a ku America amateteza ufulu wolankhula ngakhale pa zamalonda. Ndiye aphungu anaganiza njira ina, ya msonkho. Mu 2009 phungu wina dzina lake Al Franken anabweretsa bilu yoti ndalama zotsatsira mankhwala kwa anthu wamba zisamachotsedwenso pa phindu. Pambuyo pake mayi Jeanne Shaheen anaitenga nkhaniyo n'kumaibweretsa mobwerezabwereza, ndipo mu 2025 anagwirizana ndi Josh Hawley, phungu wa chipani chotsutsana ndi chawo. Mfundo yawo ndi yosavuta kumva: kampani ikafuna kutsatsa itsatse, koma ilipire yokha ndalama yonse. Zaka zonsezi mabilu amenewa akhala akubwera osafika pokhala lamulo. Makampani a mankhwala amakana. Makampani otsatsa malonda ndi nyumba zoulutsira mawu nazo zimakana, poti m'menemo ndi m'mene zimadyera. Amati mukayamba kusankha malonda oti alangidwe pa msonkho, mawa mudzafika pa malonda ena onse.

Ine maganizo anga ndiwanena poyera. Ndikugwirizana ndi aphungu aja. Sopo mukagula woipa, mwataya ndalama basi, mwezi wamawa mugula wina. Mankhwala a mtima mukamwa olakwika, mwezi wamawa mwina simuufika. Pa sopo wosankha ndi inu. Pa mankhwala amphamvu wosankha ayenera kukhala amene wakuyezani magazi, wakumverani pachifuwa, ndipo akudziwa mankhwala ena amene mukumwa. Ndalama ya anthu onse isathandize mawu amene akufuna kulowa pakati pa wodwala ndi womuyeza.

(Nyimbo pang'ono)

Omvera, tabwerera kwathu tsopano. Wina kwa Nthache kuno akhoza kufunsa kuti, "Za ku America zikutikhudza bwanji ife? Pawailesi zathu sitimva kampani ikutsatsa mankhwala a BP a kuchipatala." Zoonadi, ndipo tiyamike kuti sitinafike pamenepo. Dziko lathu lili ndi bungwe loyang'anira mankhwala, la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa bungwe lakale la Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ntchito yake ndi kuvomereza mankhwala olowa ndi ogulitsidwa m'dziko muno, kupereka ziphaso kwa mafamase, komanso kuona malonda a mankhwala asanaulutsidwe. Aliyense wofuna kutsatsa mankhwala ayenera kuyamba wapeza chilolezo chawo, ndipo bungweli lakhala likuchenjeza otsatsa ndi nyumba zoulutsira mawu pa zimenezi.

Koma tinene zoona, abale anga. Malonda a mankhwala kwathu kuno alipo, ndipo ndi ambiri. Angovala malaya ena. Tsiku la msika mumamva chimkuzamawu chikulengeza botolo limodzi lochiza shuga, BP, zilonda za m'mimba, kusabereka ndi kuchepa mphamvu kwa abambo, zonsezo botolo limodzi. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda mauthenga a mankhwala otsuka m'thupi, ndi nambala yoti mutumizireko ndalama. Pamphasa pamsika pamayalidwa makapisozi ofiira ndi achikasu, padzuwa, pafumbi, ndipo wogulitsa amakufunsani kuti muli ndi zingati, osati mukumva bwanji. Muli ndi ya makapisozi anayi, akupatsani anayi. Ife okhala m'malire timakumananso ndi mankhwala olembedwa m'Chipwitikizi, amene ambiri a ife sitingawerenge ngakhale tsiku lake lothera mphamvu.

Sindikunyoza mankhwala azitsamba. Agogo athu anatilera nawo, ndipo mankhwala ena a kuchipatala anachokera ku zomera. Ngakhale LA amene timamwa pa malungo, mbali yake ina inachokera ku chitsamba cha ku China. Chimene ndikukana ndi lonjezo labodza. Munthu wa shuga akasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa wamva kuti botolo lija limachiza kotheratu, mapeto ake ndi bala losapola, maso kuchita khungu, impso kufooka. Wa ma ARV akasiya, kachilombo kamadzukanso. Akuluakulu amene muli pafupi ndi wailesi mukukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape, atamva kuti ukuchiza Edzi. Analipo ochokera m'maboma onse, ena anagulitsa katundu kuti apeze ya ulendo. Edzi sinathe. Anthu aja sanali opusa. Anali ndi mantha, analibe kwina kothawira, poti nthawi imeneyo ma ARV anali asanafike m'zipatala zathu. Munthu wodwala amagwira mawu alionse omupatsa chiyembekezo, ndipo n'chifukwa chake kutsatsa mankhwala si chinthu choseweretsa.

Palinso vuto lina limene limagwera ngakhale amene sanagule nawo. Mukukumbukira chloroquine? Anali mankhwala a malungo odalirika, mpaka tizilombo ta malungo tinasiya kuwamva. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Zomwezo zikuchitika ndi makapisozi. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, anaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo anapeza kuti tizilombo tina toopsa tikunka tikukana mankhwala amene kale ankatipha mosavuta. Munthu akamwa makapisozi anayi m'malo momaliza onse, kapena akawamwa pa chimfine chimene sichifuna makapisozi, amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba. Tolimbato timaswana, timapita kwa mwana wa mnansi. Tsiku limene mwanayo adzadwale chibayo, mankhwala otsika mtengo aja sadzagwiranso.

Nanga msonkho ukulowa pati pa zonsezi? Apa ndikufuna tisanamizane. Bambo wa chimkuzamawu uja, ndi mayi woyala makapisozi pamphasa, ambiri a iwo alibe mabuku a phindu opita nawo ku MRA. Msonkho umene amadziwa ndi tikiti ya pamsika. Ngakhale aphungu athu atasintha lamulo la msonkho mawa, iwowo sangamve kanthu. Amenewo ndi ntchito ya PMRA, ya apolisi, ya khonsolo, ya mafumu athu, ndi ya ife ogula. Koma alipo makampani olembetsedwa, okhala ndi maofesi ndi magalimoto, amene amagula nthawi pawailesi ndi pa kanema kutsatsa mankhwala azitsamba ndi ena owonjezera mphamvu m'thupi. Amenewo amalemba mabuku. Ganizo langa ndi ili, ndipo ndikulipereka kwa inu kuti mulisinkhesinkhe: kampani ikafuna kuti ndalama zotsatsira mankhwala zichotsedwe pa phindu lake, iyambe yaonetsa chilolezo cha PMRA cha malonda amenewo. Palibe chilolezo, palibe kuchotsera. Ndipo tsiku lina makampani akuluakulu akunja akadzabwera kudzapempha kuti tiwalole kutsatsa mankhwala olembedwa ndi adokotala kwa anthu wamba, tidzakumbukire zimene zachitika ku America, kumene khomo analitsegula mu 1997 ndipo mpaka lero akuvutika kulitseka.

Chifukwa china chimene ndikulimbikira za msonkho ndi ichi. Ambiri amene amagula makapisozi pamsika sachita kufuna. Munthu wayenda mtunda wautali, walipira kabaza, waima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo pawindo amuuza kuti, "Mankhwala amenewa atha, mukagule." Famase yovomerezeka ili kuboma, ndalama ya ulendo palibe. Apita kuti? Apita pamphasa paja. Mankhwala a m'zipatala za boma amagulidwa ndi ndalama za msonkho pamodzi ndi thandizo la maiko ndi mabungwe akunja, ndipo ambiri amadzera ku Central Medical Stores Trust. Sindikunena kuti kuchotsera kwa malonda ndiko kumathetsa mankhwala m'zipatala. Zifukwa zake ndi zambiri: kuchepa kwa ndalama zakunja, ngongole, kuchedwa kwa katundu, komanso kuba, kumene kunachititsa unduna wa zaumoyo kukhazikitsa nthambi yapadera yofufuza za kubedwa kwa mankhwala. Chimene ndikunena n'chakuti m'dziko limene mwana amabwezedwa pachipatala chifukwa chosowa mankhwala, tambala iliyonse imene boma likusiya iyenera kukhala ndi chifukwa chomveka. Ndipo mukaona pamsika mankhwala okhala ndi chizindikiro cha boma, dziwani kuti amenewo munawalipira kale ndi msonkho wanu. Akukugulitsani katundu wanu yemwe.

(Nyimbo pang'ono)

Ndisanamalize, ndinenepo za malonda abwino, kuopa kuti mungaganize kuti ndikudana ndi kutsatsa kulikonse. Ambiri tinadziwa Thanzi, WaterGuard ndi Chishango kudzera pawailesi. Mauthenga a katemera, a kugona m'masikito, a kukayezetsa magazi, apulumutsa miyoyo yosawerengeka. Kusiyana kwake mukuona. Uthenga wabwino umakuuzani chochita kuti mudziteteze, kapena umakutumizani kuchipatala. Malonda oopsa amakuuzani dzina la nthenda yanu asanakuoneni, n'kukuuzani kuti mankhwala ali nawo iwo okha. Ife a pawailesi nafenso tili ndi mlandu woyankha apa. Nyumba zoulutsira mawu zimayenda ndi ndalama za malonda, zimenezo n'zosabisa. Koma agogo akumudzi akamva chinthu pawailesi amati, "Anena pawailesi," ndipo kwa iwo nkhani yatha. Chikhulupiriro chimenecho sitiyenera kuchigulitsa kwa munthu wa botolo lochiza zonse.

Ndiye inu amene mukumvera, mukamva malonda a mankhwala, dzifunseni kuti walipira mawuwa ndani, ndipo apindula chiyani ine ndikagula. Mverani ngati akutchula kuipa kwa mankhwalawo, poti mankhwala enieni alionse ali ndi mbali yake yovuta, ndipo amene akuti ake alibe vuto lililonse akubisa kanthu. Dzina la mankhwala limene mwamva, pitani nalo kwa adokotala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ngati funso, osati ngati lamulo. Tengani buku lanu la kuchipatala. Auzeni zonse zimene mukumwa, ndi zazitsamba zomwe, musachite manyazi. Safunsa anadya phula. Amene muli kutali ndi chipatala, kumbukirani kuti unduna wa zaumoyo uli ndi Chipatala cha pa Foni, kumene mungalankhule ndi a zaumoyo; alangizi a m'mudzi mwanu akhoza kukupatsani nambala yake. Ndipo amene muli pa mankhwala a nthawi yaitali, a BP, a shuga, a khunyu, a TB, ma ARV, chonde musasiye chifukwa cha mawu a pachimkuzamawu.

Kwa mafumu athu a kwa Nthache, kwa makomiti a zaumoyo ndi a misika, kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndikusiyirani mafunso awiri oti mukambirane pabwalo. Loyamba: kodi munthu wolonjeza kuchiza matenda onse tipitirize kumupatsa malo pamsika pathu chifukwa choti wadula tikiti? Lachiwiri likhale la phungu wathu akadzabwera kudzatiyendera: kodi kampani imene yatsatsa mankhwala popanda chilolezo iyenera kuchepetseredwa msonkho pa malonda amenewo? Inunso pakhomo panu, mukamadya mgonero usiku uno, funsanani kuti mapiritsi amene ali m'kabati kapena m'kachitini pawindo anachokera kuti, ndipo ndani anakuuzani kuti muwamwe.

Mayankho anu tikuwadikira, ndipo ena tidzawawerenga m'pulogalamu ikubwerayi, pamene tidzakambe za kasungidwe ka mankhwala pakhomo ndi m'mene mungadziwire kuti atha mphamvu.  Amene muli ndi odwala, apepeseni m'malo mwanga. 

(Nyimbo yotsekera)